Ndawala ya m'dzina la malemu: kwa Kapichi ingagule chiyani?

Maliro a kwa Kapichi ku Thyolo amayenda mwadongosolo lomwe aliyense amalidziwa. Amalankhula akuchimuna, amalankhula akuchikazi, amfumu amaikapo mawu awo, ndipo chipepeso chimawerengedwa dzina ndi dzina kuti pasapezeke wodandaula kuti yake inasowa. Amvano kapena Adorika amakhala atachezera pasiwa, adzukulu atalawirira kumanda. Zonse zimanenedwa poyera kupatula chimodzi. Wopereka mbiri ya malemu akafika pa chomwe chatenga munthuyo amadutsapo mothamanga: anadwala nthawi yaitali, tinayesetsa kuthamanga nawo kuchipatala, koma zakanika. Amene ankachapa nsalu za mayiyo akudziwa kuti wakhala akutaya magazi kuyambira dzinja latha. Amene ankaphikira bamboyo akudziwa kuti anayamba kukana nsima, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi ankabwerera. Dokotala wa kuchipatala cha Queens ku Blantyre anatchula khansa, ndipo zinalembedwa m'buku lakuchipatala. Bukulo limatsala m'chikwama, kumanda sikumveka kanthu.

Kumaiko ena kuli mwambo wina wolirira munthu wofa ndi khansa. Abale ake amasankha tsiku, amasindikiza dzina ndi nkhope ya malemu pamalaya, n'kuyenda mtunda wautali anthu akuona, uku anzawo atalonjeza ndalama pa kilomita iliyonse. Ndalamazo zimapita kwa akatswiri ofufuza za matendawa. Bungwe la Susan G. Komen la ku America linabadwa choncho. Susan anamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1980 ali ndi zaka 36, ndipo mng'ono wake Nancy Brinker, yemwe anamulonjeza akadali pamphasa kuti nkhaniyi sadzaisiya, anayambitsa bungweli mu 1982. Chaka chotsatira anthu pafupifupi 800 anathamanga mumzinda wa Dallas, ndipo mwambowo unafalikira kumaiko ambiri.

Ku Canada dzina lomwe mwana aliyense wasukulu amalidziwa ndi la Terry Fox. Mnyamatayu anadulidwa mwendo wakumanja mu 1977 chifukwa cha khansa ya m'mafupa. Pa 12 Epulo 1980 ananyamuka ku St. John's, kugombe lakummawa kwa dzikolo, akuthamanga ndi mwendo woikirira, cholinga chake chili chokafika kunyanja yakumadzulo. Anathamanga masiku 143, makilomita 5,373, mpaka pafupi ndi Thunder Bay, pomwe zinadziwika kuti khansa yalowa m'mapapo. Anamwalira mu Juni 1981 ali ndi zaka 22. Pempho lake silinali lolemetsa munthu: dola imodzi kuchokera kwa nzika iliyonse ya Canada, ndipo panthawiyo zinalipo 24 miliyoni. Ndalamayo inakwana iye akadali moyo, ndipo mpaka lero mwezi wa Seputembala uliwonse anthu amayenda ndi kuthamanga m'dzina lake.

Kuno kwathu ndawala si yachilendo. Tayendera malata a tchalitchi, tayendera madesiki a sukulu ndi galimoto ya abusa, apolisi ali kutsogolo, achinyamata akugwedeza mbale pamawindo a maminibasi. Ya khansa nayo inafika. Blandina Khondowe, yemwe anali Miss Malawi mu 2002, atapezeka ndi khansa ya m'mawere sanabise. Anayambitsa nawo gulu la Think Pink Malawi, lomwe linazolowetsa anthu a ku Lilongwe kuona amayi atavala zapinki akuyenda mumsewu mwezi wa Okutobala. Iye anamwalira mu 2020. Woimba Patience Namadingo mu 2017 anazungulira ndi gitala yake m'maofesi ndi m'makomo, kuimba nyimbo pamtengo, kuti athandize wodi ya ana odwala khansa ku Queens.

Chikumbutso cha malemu chachikulu kuposa zonsezi chili ku Nyambadwe mumzinda wa Blantyre. Thomson Mpinganjira, yemwe anayambitsa banki ya FDH, anataya mkazi wake Barbara ndi khansa mu 2019, ataona yekha kuwawa koyenda ndi wodwala kunja kwa dziko. Anamanga International Blantyre Cancer Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2024, ndipo m'menemo ndi momwe makina owotcha khansa a radiotherapy anagwira ntchito koyamba m'Malawi, patatha zaka 60 chilandirireni ufulu. Chipatala cha khansa cha boma, pambali pa Kamuzu Central ku Lilongwe, chinamangidwa zaka zambiri mpaka anthu anatopa kufunsa, ndipo chinatsegulidwa mu 2025. Anthu a ku Thyolo nkhani ya maulendo akunja amaidziwa. Ethel Mutharika, mkazi wa mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anamwalira ndi khansa mu Meyi 2007 atakalandirako chithandizo kunja, ndipo anagona ku Ndata m'boma lomwelino. Ngati mayi wa kunyumba yachifumu ankafunika ndege, mayi wotchola tiyi wa ku Khonjeni akanalowera kuti?

Onse tatchulawa ndi anthu a m'tauni, odziwika kapena olemera. Mukapita kwa Kapichi n'kuuza munthu kuti tiyeni tiyende makilomita 20 kuti tipeze ndalama, adzayamba waseka, kenako adzafunsa kuti ndani amalipira munthu chifukwa choyenda. Iye amayenda tsiku lililonse. Amadzuka kusanache kupita ku esiteti wapansi, tsiku lonse kukwera ndi kutsika m'mizere ya tiyi dengu lili kumsana, kukaima pamzere wa sikelo kapitawo akulemba makilo, madzulo n'kubwerera njira yomweyo, nkhuni zili pamutu. Ulendo umenewo ulibe malaya osindikiza, ulibe botolo la madzi, ndipo palibe amaujambula.

Khansa ikalowa m'nyumba pamabwera ulendo wina wowawa kuposa pamenepo. Umayambira pachipatala chaching'ono, pomwe zizindikiro zoyamba zimafanana ndi matenda ena ambiri, moti munthu amabwerako ndi panado ndi makapisozi. Zikapitirira achibale amayamba kunong'ona kuti izi n'zachipongwe, wina wam'ponda, ndiye pamadutsa miyezi kwa asing'anga ndi kwa aneneri. Mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu amene ululu wam'gwira simungamudzudzule kuti wagogoda khomo lililonse. Kenako ndi kuchipatala cha boma pa Thyolo, kapena ku Malamulo kwa Makwasa ngati ndalama ilipo. Kumeneko amapereka kalata ya ku Queens, makilomita oposa 40 kuchokera paboma, kudutsa Bvumbwe, Chigumula ndi Limbe. Ku Queens amadula kanyama kokayeza, n'kunena kuti mubwerenso. Kubweranso kumeneko ndi kabaza wofika kumsewu waukulu, minibasi ya anthu awiri chifukwa wodwala sayenda wopanda gadiyani, ufa, ndiwo, makala, ndi masiku omwe gadiyaniyo sanatchole tiyi ndipo salembedwa pa fotinaiti.

Chithandizo cha kuchipatala cha boma n'chaulere, koma matenda saulere. Dr Jane Bates ndi anzake anatsatira mabanja a anthu opezeka ndi khansa yofika patali ku Queens, ndipo zomwe anasindikiza mu 2021 zinatsimikiza zomwe amayi a m'banki m'khonde ankadziwa kale: mabanja ambiri amawononga ndalama zoposa mphamvu zawo, amagulitsa katundu, amalowa ngongole. Mbuzi imapita, njinga imapita, wailesi imapita, mwana wa fomu 2 amakhala kaye pakhomo. Kwa Kapichi, komwe malo olima ndi ochepa chifukwa minda ya tiyi inatenga kale nthaka yabwino, ndipo nthochi zomwe zinkabweretsa kangachepe zinatha ndi chisaka, banja siligwa kawiri lisanafike pansi penipeni.

Ziwerengero zake n'zosautsa. Malinga ndi a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu 2020 amayi oposa 4,000 m'Malawi anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Kumeneko n'kuika m'manda amayi 8 tsiku lililonse. Pa matenda amenewa dziko lathu lili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo chimodzimodzi pa khansa ya kummero. Mayi yemwe ali ndi HIV ali pachiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake, ndipo Thyolo ndi limodzi mwa maboma omwe kachilomboka kanazika mizu kwambiri. Komanso tidziwe kuti ziwerengerozi n'zoyerekeza. Kaundula wa khansa yemwe akatswiri amadalira ndi wa ku Blantyre, ndipo za dziko lonse amaziwerengera kuchokera pamenepo. Agogo omwe anafera m'mudzi osayezedwa sali m'buku lililonse.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti ndawala ya m'dzina la malemu ili ndi ntchito kwa Kapichi, ndipo ntchito yake yoyamba si ndalama. Banja likanyamula chikwangwani chonena kuti mayi athu anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, n'kudutsa nacho pamsika wa Khonjeni kapena pa Luchenza dzuwa likuswa mtengo, lachita chinthu chomwe pamaliro chinakanika. Lachotsa mlandu pa nkhalamba yoyandikana nayo yomwe imaganiziridwa ufiti. Lauza mayi wina yemwe waima pambali, amene nayenso akuona magazi osadziwika bwino koma akuchita manyazi, kuti matenda akewo ali ndi dzina ndipo alipo owayeza. Kafukufuku amayambira pa kuwerenga, ndipo simungawerenge chinthu chomwe mudzi wonse wagwirizana kuti usachitchule.

Kafukufuku amene anadutsa pakhomo pathu

Pali omwe amaganiza kuti kufufuza za khansa ndi nkhani ya ku London ndi ku Boston, ife yathu n'kudikira mankhwala. Mbiri siikutero. Mu 1958 dokotala wa ku Ireland, Denis Burkitt, yemwe ankagwira ntchito ku Mulago ku Uganda, analemba za chotupa chachilendo chomwe chinkatupitsa nsagwada za ana n'kuwapha m'miyezi yochepa. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata 10, kulowa m'zipatala zoposa 50 za kummawa ndi kummwera kwa Africa, Nyasaland ali momwemo. Analibe makina. Ankangoonetsa zithunzi n'kufunsa: ana otere mumawaona kuno? Mayankhowo atawaika pamapu kunaoneka kuti chotupacho chimakonda malo otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja, ndipo kumapiri ozizira chimachepa. Mapu amenewo anafanana ndi a malungo. Zotupa zomwe Burkitt ankatumiza ku London ndi zomwe Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo mu 1964, koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Ulendo wa galimoto imodzi ndi mafunso kwa anamwino a kumishoni zinatsegula khomo lomwe dziko lonse linadzalowerapo.

Matenda a Burkitt akadali khansa yomwe imagwira ana ambiri kwathu kuno, ndipo imachizika. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake ku Queens anatha zaka zambiri akufufuza mlingo wa mankhwala omwe mwana wonyentchera angaupirire, chifukwa mlingo wa ku Ulaya unkatha kupha mwanayo khansa isanamuphe. Ali mkati mwa ntchitoyo anaona vuto lina lomwe silinali m'magazi: makolo ankathawa ndi ana chithandizo chili pakati. Atawafunsa bwinobwino zinadziwika kuti chachikulu si umbuli ayi, koma thiransipoti, chakudya, ndi ana ena otsala okha kumudzi. Madokotala a ana ku Queens atayesa kulipirira mabanja ulendo wonse wopita ndi wobwerera, chiwerengero cha osiyira panjira chinatsika kwambiri. Uyu nayenso ndi kafukufuku, ndipo yankho lake ndi la mtengo wa tikiti ya minibasi.

Wina ndi wokhudza kapu yomwe ili m'manja mwa aliyense ku Thyolo. Kuyambira kale madokotala akhala akudabwa chifukwa chake khansa ya kummero yachuluka chonchi kuchokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya, Tanzania ndi Malawi mpaka ku South Africa. Mu 1969 wofufuza wina, Neil McGlashan, analoza chala kachasu wa kummawa kwa Zambia ndi madera oyandikana nawo. Mowa ndi fodya zilidi ndi mbali yake, koma m'mawodi muli amayi ambiri omwe sanalawepo kachasu chibadwire. Kafukufuku wa ESCCAPE, yemwe bungwe lofufuza za khansa la IARC linachita ndi madokotala a ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi anzawo a ku Kenya ndi Tanzania, anafunsa odwala ndi anthu abwinobwino za kadyedwe ndi kamwedwe kawo. Chimodzi chomwe chinaoneka n'chakuti omwe amamwa tiyi kapena phala likadali lamoto, mofulumira, mpaka kupsa m'kamwa kawirikawiri, amapezeka ndi khansayi mochuluka. IARC inali itanena kale mu 2016 kuti chakumwa chotentha kupitirira madigiri 65 chikhoza kuyambitsa khansa. Vuto si tsamba la tiyi, eni ma esiteti asadandaule, koma moto wake. Munthu wothamangira belu la kuntchito alibe nthawi yopepesa kapu, ndipo pa chiperoni cha mu Julaye ndani amafuna tiyi wozizira? Komabe uwu ndi uphungu womwe sufuna khobidi.

Nanga katemera yemwe atsikana a zaka 9 anayamba kulandira m'dziko lonse mu Januwale 2019, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba? Anachokera pa ntchito ya Harald zur Hausen wa ku Germany, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anasonyeza kuti kachilombo ka HPV ndi komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anzake ambiri akumutsutsa. Panadutsa zaka zoposa 30 kuti zomwe anapezazo zifike pamkono wa mtsikana wa pulayimale kwa Kapichi. Kafukufuku amafika, koma amabwera wapansi.

Tsono ndalama

Tisanamizane. Ndawala ya m'mudzi singagule makina a radiotherapy, singamange labotale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Titatengera nzeru ya Terry Fox, aliyense n'kuponya K100, pangatuluke K72 miliyoni, ndipo pamenepo tawerengera ndi makanda omwe. Ndalama imeneyo ku Kamuzu University of Health Sciences ingayendetse kafukufuku wamng'ono, osati wopeza mankhwala atsopano. Ndipo ndawala ya banja limodzi, ya anthu olandira malipiro a ku esiteti, singayandikire n'komwe pamenepo.

Koma taonani zomwe ndalama yochepa ingachite ikapita pamalo oyenera. Ingalipire ulendo wa mayi yemwe wauzidwa kuti abwerenso ku Queens, komwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuthandiza boma pa khansa ya khomo la chiberekero mu 2018, kuchita maopaleshoni ndi kupereka chithandizo. Ingagule mafuta a galimoto yobweretsa anamwino oyeza kumudzi. Ingagule matewera, sopo ndi magolovesi a gadiyani yemwe akusamalira wodwala kunyumba, ndi kumufikitsa kokatenga morphine wakumwa kuti munthu asafe akukuwa. Lucy Finch anayambitsa malo osamalira odwala a Ndi Moyo ku Salima chifukwa cha kulira kotereku, ndipo ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane ya ntchito yomweyo. Wina anganene kuti zimenezi si kafukufuku. Ine ndikuti wodwala amene wafika kuchipatala, wayezedwa, walembedwa m'kaundula ndipo wamaliza chithandizo ndiye chuma chomwe wofufuza aliyense ku Blantyre amachisowa. Wosowa panjira sasiya phunziro lililonse.

Ndalama yokumbukira malemu kwathu ilipo kale, kungoti ili ndi kopita. Chilimwe chikafika, kumanda kumachita phokoso la mafosholo. Ana a ku Joni amatumiza ya simenti ndi matailosi, a ku Lilongwe amabwera ndi nsalu yofanana ya banja lonse, mbuzi zimagwa, mpunga umaphikidwa m'migolo, abusa amadalitsa chiliza. Ena amachita sadaka monga ankachitira makolo. Sindikunyoza zimenezi. Chiliza chimasonkhanitsa mbumba yomwe inamwazikana, ndipo mwinimbumba amene sanamangire mlongo wake amayenda chowerama. Koma nthawi zina zimapweteka kuona kuti ndalama yomwe inasowa pamene mayiyo ankafuna ya minibasi yopitira ku Queens yapezeka yonse, n'kutsalako, pa tsiku la matailosi. Banja lomwe lingapatule gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti ya chiliza, n'kuyenda nalo wapansi kuchoka kumanda kukalisiya kuchipatala chaching'ono m'dzina la malemu, silinachepetse ulemu wa munthu wawo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chapha ndawala zambiri m'dziko muno, ndipo aliyense akuchidziwa. Tsiku loyenda kumakhala zithunzi ndi malonjezo, pakatha mwezi mbale ija osamvekanso komwe inalowera. Anthu akumudzi anapusitsidwapo kokwanira ndi makomiti. Njira yake sitikaifuna kutali: ndalama ya ndawala iwerengedwe monga timawerengera chipepeso, pamaso pa amfumu ndi anthu onse tsiku lomwelo, ya pa Airtel Money ndi Mpamba itchulidwenso, ndipo amene aisunge akhale anthu atatu osachokera nyumba imodzi. Amayi a banki m'khonde amasunga bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu osiyana, ndipo amagawana kumapeto kwa chaka popanda wopita kupolisi. Ntchito imeneyi apatsidwe iwowo.

Amene akukayika kuti Thyolo angatchule matenda poyera wayiwala za Edzi. Zaka za m'ma 1990 maliro ankachitika motsatizana m'malaini a ma esiteti, ndipo pamaliro ponse ankanena zomwezi za kudwala nthawi yaitali. Médecins Sans Frontières inafika m'bomali mu 1997, ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo pofika 2007 Thyolo anali atafikitsa mankhwalawa kwa anthu 8 mwa 10 aliwonse owafuna, chinthu chomwe akatswiri ambiri ankati kumudzi kwa Africa sichingatheke. Sizinatheke ndi madokotala okha, poti analipo ochepa. Zinatheka chifukwa ntchito inapatsidwa kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka oyendera odwala m'makomo, komanso chifukwa anthu ena olimba mtima anaima pamisonkhano n'kunena kuti ine ndili nako. Pambuyo pake kunabwera magulu omwe munthu mmodzi amakatengera anzake mankhwala mosinthana, nzeru yochokera ku Tete ku Mozambique, kuti asamathere ndalama ndi mapazi panjira. Madokotala a maiko ena anaphunzira kuchokera pa zomwe zinalembedwa za Thyolo. Anthu omwe anachita zimenezo akadalipo, ena ndi agogo tsopano, ndipo ambiri mwa amayiwo ndi omwe lero ali pachiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero.

Ma esiteti nawo ali ndi mbali yawo. Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi minda ya Eastern Produce amalemba anthu zikwizikwi, pakati pawo pali amayi ambiri, ndipo makampaniwa ali ndi makiliniki ndi magalimoto. Kupereka mabotolo a madzi ndi malaya pa tsiku la ndawala n'kosavuta, ndipo kumaoneka bwino panyuzi. Chomwe chingasinthe zinthu n'chakuti mayi akapita kukayezetsa, tsikulo lilembedwe ngati wagwira ntchito. Bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi la ogwira ntchito la PAWU anasainirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro mu 2016, kotero tebulo lokambirana zoterezi lilipo. Nyengo nayo iganiziridwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri ndipo palibe angasiye dengu. Okutobala, ngakhale ndi mwezi womwe dziko lonse limavala zapinki, kumatentha ndipo maganizo a anthu amakhala pa feteleza. Juni ndi Julaye kumazizira, chimanga chili m'nyumba, ndipo ndi nthawi yomwe mabanja amayamba kukonza za ziliza.

Ndawala yotere isakathere pa bwalo la zolankhula ndi magule. Ikathere pakhomo la chipinda choyezera. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo omwe ayamba kusintha amayera. Akapezeka msanga amawawotcha ndi kachipangizo kogwira m'manja tsiku lomwelo, njira yomwe chipatala cha Nkhoma chinasonyeza kuti imatheka kumudzi, ndipo mayi amabwerera kwawo wapansi. Unduna wa zaumoyo umalimbikitsa amayi a zaka 25 mpaka 49 kuti aziyezetsa, ndipo omwe amamwa ma ARV aziyezetsa pafupipafupi. Cholinga chomwe maiko anagwirizana ku WHO mu 2020 n'chakuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atabayitsa katemera, amayi 70 mwa 100 atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto atathandizidwa.

Chopinga chomaliza chili kuchipinda. Mayi akawotchedwa amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi bambo pafupifupi mwezi wathunthu kuti bala lipole, ndipo anamwino amadziwa kuti amayi ena amakana chithandizo pa chifukwa chokhachi. Amati ndikafunse kaye abambo kunyumba, ndipo sabweranso. Ena amaopa kufunsidwa kuti kachilomboko anakatenga kuti, chonsecho HPV amayenda pakati pa mwamuna ndi mkazi ndipo anthu ambiri amakhalapo naye pamoyo wawo osadziwa. Choncho amfumu akamamema anthu a ndawala, uthenga usangopita kwa Amvano ndi Adorika. Uyambire pa bawo ndi pa siteji ya kabaza, ndipo chikwangwani cha dzina la malemu anyamule ndi mwamuna wake kapena alongo ake.